Ufa Unanditsalira M'manja

Dziko la Brazil ine ndinkangolidziwira pa mpira basi. Amuna anga akali moyo, timu ya dziko limenelo ikamasewera, ngakhale nyumba ikanapsa sakanadzuka pampando. Ndiye mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira ku Lilongwe, atanditumizira kavidiyo pafoni n'kulemba kuti, "Amayi, taonani asing'anga a ku Brazil," ndinkayembekeza zoseketsa. Ndinali mu ofesi ya aphunzitsi nthawi ya buleki, ndikudya chinangwa chophika, makope a ana a sitandade sikisi ali mulu patebulo.

M'kavidiyomo munali khamu la anthu ovala zoyera, ambiri akuda ngati ife, ali m'mbali mwa nyanja yaikulu. Ng'oma zinkalira. Azimayi anasenza madengu a maluwa, ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kumasiya maluwawo pamafunde. Ena ankaika timagalasi ndi timabotolo ta mafuta onunkhira m'kabwato kakang'ono n'kukakankhira pakati. Kenaka wojambula anaima pa mayi wina wachikulire. Anali atawerama pang'ono, maso ali tsinzi, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Ndinasiya kutafuna chinangwa, chifukwa kayendedwe ka milomo kameneko ndinkakadziwa.

Nditaweruka ndinamuimbira mwanayo kuti andiuze bwino. Anati anthuwo ndi zidzukulu za akapolo amene anatengedwa kuno ku Africa. Mzimu wa m'nyanja amautcha Yemanja, amati ndi mayi wa madzi. Anati ilipo mizimu ina yambiri, wina wa chitsulo, wina wa mphezi, uliwonse ndi mtundu wa nsalu yake, chakudya chake, kaimbidwe ka ng'oma yake ndi moni wake. Mabwana awo atawaletsa, anaibisa kuseri kwa oyera mtima a kutchalitchi, n'kumagwadira chithunzi china mumtima akuitana dzina lina. "Zaka mahandiredi, Amayi, osaiwala mayina," anatero akuseka. Ine sindinaseke.

Anthu anamangidwa magoli, kuwolotsedwa nyanja yamchere, kukwapulidwa, kulandidwa chilankhulo, koma mayina anafika nawo. Ife sitinapite kulikonse. Tili pomwe anatisiya makolo, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Khombedza kutsikira kunyanja, ndipo mayina athu anali atatsala m'kamwa mwa munthu mmodzi wa mano anayi. Munthuyo anali amayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga. Amene anayenera kulandira mayinawo, n'kuwakana, ndinali ine.

Amayi aakulu sanali munthu wokoma kukhala naye. Ntchito yawo inali kuwamba nsomba, ankanunkha utsi ndi fodya wamphuno, ndipo pakamwa pawo panali lumo. Wogula akanenerera mtengo ankamutukwana mpaka agogo ake, mawa lake wogulayo n'kubweranso poti nsomba zawo sizinkaola. Lachisanu ankasamba, kufunda mpango woyera n'kupita kumzikiti. Mwezi wa Ramadhani ankafunga osaphonya tsiku. Koma chaka chilichonse mvula ikamatha, amuna akamakonzeka kuwolokera ku chilumba cha Mbenji kukapha nsomba, amayi aakulu ankatenga kansengwa ka ufa wa mawere n'kupita patsinde pa msolo umene uli kuseri kwa mudzi wathu. Ashehe analankhula nawo kangapo. Iwo ankangoti, "Ashehe, Mulungu ndi wa tonse, koma akufa awa ndi anga. Inuyo mungandidyetsere?"

Ku Mbenji akazi sapondako. Amuna akapita amakhalako miyezi, ndipo nyanja ikafuna munthu sipempha. Ndiye akazi a kwathu anali ndi ntchito yawo kumtunda kuno. M'mawa dzuwa litakwera pang'ono tonse tinkagwada chapatali n'kumaomba m'manja pang'onopang'ono. Amayi aakulu okha ndiwo ankafika patsinde. Ankatapa ufa ndi dzanja lamanja n'kumaulekerera pakati pa zala, ndipo ufa ukamatsika milomo inkayenda. Dzanja limodzi la ufa, dzina limodzi. Anali mayina a akazi a mbumba yathu amene anatisiya, kuyambira wa posachedwa kubwerera m'mbuyo, ndipo ndili mwana analipo khumi ndi awiri. Sanali mayina a kumzikiti kapena a ulemu ayi, koma a paubwana, amene munthu amapatsidwa mchombo ukagwa. Lamulo lake linali losavuta kumva. Mayinawo satchulidwa ufa usakutsika, ndipo ufa sutsika popanda dzina. Sawanena pocheza, sawalemba, sawaimba. Ufa ukatha m'dzanja pakamwa pamatsekeka.

Ife ana tinkawerenga manja a ufawo chifukwa chotopa ndi kugwada. Akafika chapakati, amayi aakulu ankatembenuka, kufulatira mtengo, n'kuthira dzanja limodzi atayang'ana kunyanja. Tsiku lina ndinafunsa mayi anga chifukwa chake. Anati ameneyo manda ake kulibe. Anapita kukatunga madzi atasiya mwana wakhanda m'manja mwa mng'ono wake, anthu a mfuti anamugwira n'kumukweza m'chombo, ndipo ife tonse tinatuluka mwa khanda limenelo. "Timamuitana kuti asasochere," anatero mayi, "adziwe kuti kwawo kudakali anthu." Nditafunsa dzina lake anandimenya pakamwa. Pambuyo pake ndinazindikira kuti nawonso sankalidziwa. Mayina amasunga munthu mmodzi, ndipo amapatsira mmodzi.

Amayi aakulu anabala amuna okhaokha, ndiye mwana wamkazi woyamba pa mbumba ndinali ine. Nditamaliza kosi ya uphunzitsi ndinakwatiwa ndi mphunzitsi mnzanga amene boma linamutumiza kuno kuchokera ku boma lina. Anali Mkhristu, ine ndinabatizidwa, ndipo monga amachitira olowa kumene, ndinatentha kuposa eni mpingo. Chaka chimenecho amayi aakulu anandiitanira kuseri, kumene ankawambira nsomba.

"Iwe, chaka chino upere mawere. Ndikufuna ndikupatse anthu ako."

"Anthu ati?"

"Ukufunsa ngati mlendo bwanji?"

Ndinawayankha ndi mavesi atatu, lina pamwamba pa linzake, ndili chiimire, osagwada n'komwe. Ndinawauza kuti zimene amachita ndi zaziwanda, ndipo kuti ndiziwapempherera. Ndinkadzimva kukoma polankhula, zimenezo ndisabise. Iwo anafwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Chabwino, aphunzitsi. Mukadzawafuna mudzandipeza. Koma musadzachedwe, ine si mwala."

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso dzina langa. Ndinali aphunzitsi basi, ndipo ankalitchula ngati akulavula mbewu ya bwemba. Zaka zoposa makumi awiri zinadutsa. Oomba m'manja anachepa, ena kumwalira, ena kuletsedwa ndi amuna awo. Mayi anga nawo anamwalira n'kulowa pamndandanda uja. Mapeto ake amayi aakulu ankapita kumsolo okha ndi ndodo yawo. Mwana wawo woyamba, achimwene anga, munthu wa ndevu ndi boti la injini, ankati zimenezo ndi shiriki, kupembedza china pambali pa Mulungu, ndipo analetsa akazi awo kupondako. Ine ndi achimwenewo tinkasiyana pa chilichonse, pa Yesu, pa nkhumba, pa tsiku lopembedza. Pa nkhani ya msolo yokha ndipo tinkamvana.

Sindikunena kuti kavidiyo kaja kanandichititsa kukhulupirira kuti ufa umaletsa mwera. Amuna ankamirabe ufa utathiridwa, ndinaziona ndi maso anga. Chimene chinandigwira chinali manyazi, kenaka mantha. Mayi anga anali pamndandanda umenewo. Mayi wa m'chombo uja analinso pomwepo, ndipo padziko lonse lapansi panalibe pena pamene dzina lake linalembedwa. Ine ndimaphunzitsa mapu. Ndikudziwa kuti zombo za panyanja yathu zinkaloza kum'mawa, ndipo kuti ambiri a ku Brazil anatengedwa mbali ina. Komabe nditaona milomo ya mayi wovala zoyera uja ndinaganiza kuti otengedwa akuitanabe kwawo, pamene ife otsala tasiya kuitana.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka pa Khombedza, n'kutenga kabaza. Amayi aakulu ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, atachepa thupi, maso atachita ng'ala. Makutu okha ndiwo anali akuthwabe.

"Odi kuno."

"Aphunzitsi? Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe, Amayi. Ndabwera kudzatenga anthu anga."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinagwada, ulendo uno ndinagwada ndithu, n'kuwafotokozera za ku Brazil. Kavidiyoko sakanatha kukaona, ndiye ndinawaika foni kukhutu. Anamvetsera ng'omazo mpaka kumapeto, chala chikugunda pabondo.

"Awa akudziwa," anatero. "Akuthira chiyani?"

"Maluwa, Amayi."

"Maluwa? Akufa awo amadya maluwa? Koma ndiye njala." Anaseka, kenaka nkhope inagwa. "Bwezanso." Atamva kachiwiri anati, "Ng'oma iyi ndi ya anthu olira kwawo."

Mtima wanga unakhala pansi, ndinaona ngati zatheka. Ndinatulutsa kope ndi bolopeni m'chikwama. Anamva phokoso la pepala, ndipo ndodo inatera pakope ndisanalembe ngakhale deti. Ndinayesa njira ina, ndinati angolankhula ine ndijambule mawu pafoni.

"Uike amayi ako m'kachitsulo kamene umaitanirapo a kabaza? Mutu wako uli bwino, aphunzitsi? Pita ukapeze mawere. Upere wekha pamphero ndi manja akowo. Amuna akuwoloka mwezi wamawa, ubwere asanawoloke. Udzatapa iwe, ine ndizikunong'oneza, dzanja limodzi dzina limodzi. Umu ndi mmene ndinalandirira ine."

Mawere masiku ano ndi osowa kuno. Kulikonse ndi chimanga, thonje ndi mpunga wa ku Chinguluwe. Pamsika ndinkangopeza chimera cha thobwa, mawere omera kale, ndipo amenewo sathira nsembe. Ndinayenda Loweruka awiri ndisanapeze mayi wina amene anali ndi kathumba ka osanyika. Mphero nayo ndinaipeza movutikira, kwa nkhalamba ina pafupi ndi sukulu, itasanduka chochirikizira khola la nkhuku. Ndinaitsuka, ndinayala chiguduli, ndinagwada n'kuyamba kupera. Pasanathe theka la ola msana unali utayaka moto, mawondo akulira, matuza awiri atatuluka m'manja. Ufa umene unatuluka sukanadzaza ndi kapu yomwe, komanso unali wamisere.

Chigayo chili kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi nyumba yanga. Tsiku lonse chimalira. Ndinakhala pansi n'kumachiyang'ana, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinadziuza zimene munthu wophunzira amadziuza. Ufa ndi ufa. Chofunika ndi mtima. Munthu wosaona adziwa bwanji? Ndinanyamula kathumba kaja n'kuwoloka msewu. Wa pachigayo anaseka kuchepa kwake, anathira pambuyo pa chimanga cha mayi wina, ndipo mphindi ziwiri zisanakwane ndinali ndi ufa wosalala bwino. Pofika kunyumba ndinauthira m'kansengwa, n'kuwaza pamwamba uja ndinapera ndekha, monga amachitira ogulitsa tomato poika zabwino pamwamba pa mulu.

Loweruka ndinakaika kansengwako pamiyendo pa amayi aakulu. Sanatape pamwamba. Analowetsa zala mpaka pansi, kutikita, kununkhiza, n'kunyambita.

"Wapera wekha?"

"Eya, Amayi."

"Bwera nawo manjawo."

Anasisita zikhatho zanga pang'onopang'ono, napeza matuza awiri aja, nawadina ndi chala mpaka ndinamva kuwawa.

"Matuza awiri, nsengwa yodzaza. Mphero yako ndi yamagetsi? Ufa uwu muli chimanga cha eni ake. Ukununkha chitsulo. Wadutsa pamene padutsa ufa wa mudzi wonse, wa osamba ndi osasamba omwe. Ndiitane amayi anga pa ufa wa anthu osawadziwa?" Mawu awo anatsika. "Kale unandikana maso ndi maso, ndinakulemekeza. Lero wabwera kudzandinamiza poti ndachita khungu."

Anakankha kansengwako ndi phazi, ufa n'kutayika pabwalo, nkhuku n'kuthamangira. Munthu ukagwidwa bodza umayenera kugwetsa nkhope. Ine ndinapsa mtima. Ndinaimirira n'kuyamba kulalata, anthu a nyumba zoyandikana akusuzumira.

"Amayi, zaka zanu ndi zingati? Mukufuna mufe nawo mayinawa? Anzathu a ku Brazil anasintha zinthu, akuthira maluwa ndi mafuta ogula m'sitolo, n'chifukwa chake mayina awo anapulumuka. Inu mukukakamira mwala! Mwala ndi anthu, chachikulu n'chiyani?"

"Ndiye pita ku Brazil," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Mpaka lero ndimaona kuti pa mawu anga aja panali choona, ndipo chimenecho n'chimene chimandiwawa kwambiri. Akanalola ufa wa kuchigayo bwenzi mayina ndili nawo. Koma nanenso ndikanapirira masiku atatu pamphero bwenzi ndili nawo. Tonse awiri tinali ouma mutu, magazi amodzi, ndipo amene analipira si ine kapena iwo.

Ndinachoka osatsanzika. Ndinkati ndibwerera Loweruka lotsatira, koma kunabwera mayeso a kumapeto kwa teremu, kenaka kuchonga, kenaka kulemba malipoti. Zimenezo ndi zifukwa zouza anthu. Chenicheni n'chakuti ndinkafuna kuti iwo atume munthu kudzandiitana. Sanatume. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwambi umene ndimaulemba pabolodi chaka chilichonse. Sabata yachitatu mkwiyo utaphwa ndinabwerera kwa mayi wa mawere uja n'kugula otsala. Ndinapera masana atatu ndikaweruka, pang'onopang'ono, matuza kuphulika n'kutulukanso ena. Lachinayi kansengwa kanadzaza. Ndinakaphimba ndi nsalu yoyera n'kunena kuti Loweruka m'mamawa ndinyamuka.

Lachisanu ndili m'kalasi foni inalira. Anali achimwene. "Achemwali, Amayi agwa kubafa akukonzekera kupita kumzikiti. Mbali imodzi yafa. Sakulankhula."

Kuchipatala anati ndi sitiroko, anawasunga masiku angapo n'kutiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Amuna anawoloka kupita ku Mbenji, achimwene nawo limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera pamene ndinabadwa anawoloka patsinde pa msolo pasanathiridwe ufa. Palibe anafunsa. Ine ndinafika ndi kansengwa kanga. Dzanja lamanja la amayi aakulu linali litafa, ndiye ndinatenga lamanzere n'kulilowetsa mu ufa. Zala zinatikita, zinapita pansi, zinatikitanso. Kenaka zinafufuza chikhatho changa n'kupeza zilonda. Misozi inatsika ku diso limodzi, ndipo anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinabwereka wilibala, ndinayalamo bulangeti. Alamu anga, akazi a achimwene, anandithandiza kuwakweza akuyang'ana kumbali, n'kunena kuti iwo kumtengoko safikako. Ndinakankha ndekha mumchenga mpaka pamsolo. Mtengowo ulipobe bwinobwino, kungoti anthu amamangirirapo mbuzi ndipo majumbo amakodwa m'mizu. Ndinasesa, ndinagwada, ndinatapa ufa, n'kuika khutu langa pakamwa pawo.

Milomo inayenda. Chimene chinatuluka chinali mpweya ndi kamawu kamodzi, "aa, aa." Ufa utatha m'dzanja anandifinya pamkono kuti nditapenso. Ndinatapa. "Aa, aa." Anandifinyanso. Ndinazindikira kuti akuwerenga, kuti m'mutu mwawo mayina onse ali pamzere, aliyense pamalo pake, akutuluka mmodzimmodzi n'kufera pamilomo. Ndinawapempha kuti ayesenso, ndinatchula zilembo kuti azigwedeza mutu, koma munthu amene sanapite kusukulu zilembo ndi chiyani kwa iye. Titafika chapakati anakweza dzanja lamoyo lija, nagwira chibwano changa n'kuchikankhira kunyanja. Ndinathira ndikuyang'ana madzi, khutu langa likumva "aa, aa." Tinathira manja khumi ndi atatu, poti mayi anga anali atawonjezekapo. Pomaliza anatseka pakamwa monga mwa lamulo, ndipo ine ndinalira mokweza ngati pamaliro.

Anakhala moyo nyengo yonse ya mwera. Loweruka lililonse ndinkapita, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, n'kumayembekeza kuti lilime limasuka. Anthu ankati ena amayambanso kulankhula, Inshallah. Ndinayenda midzi yoyandikana kufunsa nkhalamba zotsala. Aliyense ankadziwa mayina a ulemu okha, akuti mayi a uje, akazi a uje, ndipo za paubwana ankati, "Amenewo ankasunga ndi anzathu aja, amayi anu aakulu." Ndinapempheranso kutchalitchi, ndikudziwa kuti ndikupempha Mulungu kuti anditsegulire chimene ndinachitcha chaziwanda m'dzina lake. Kutayamba kutentha anamwalira. Anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, amuna ananyamula jeneza kupita kumanda, ife akazi tinatsala pakhomo. Patatha masiku makumi anayi tinaphika sadaka, anthu anadya mpunga n'kubalalika.

Chaka chino mvula ikutha, achimwene anabwera kunyumba kwanga. Sabwerabwera. Anakhala pampando n'kuvula kofia, n'kumaizunguza m'manja. Anayamba ndi nkhani ya mafuta a injini, kenaka ya nsomba zimene zikusowa, kenaka ya amuna awiri a boti la anzawo amene anamira chaka chatha. Tiyi anazizira asanamwe.

"Achemwali, mkucha tikuwoloka. Ine sindikunena kuti zija n'zoona, Mulungu andikhululukire. Koma simungakafikeko kumtengo kuja? Amayi anakupatsani mayina aja, eti?"

Ndikanatha kunena kuti eya. Akanapita ndi mtima wokhazikika, ndipo palibe akanadziwa. Koma pa nkhani imeneyi ndinali nditanama kale kamodzi.

"Sanandipatse, achimwene."

"Ngakhale limodzi?"

"Ndili ndi awiri. La mayi anga, ndi la amayi anu, limene ndinkamva mayi akuwatchula akamakangana."

Anaimirira. "Kathireni awiriwo," anatero, n'kuvala kofia.

Ndinapera mawere masana awiri. Ndinamuimbira mwana wanga kuti abwere adzaombe m'manja, adzamve ngakhale awiriwo, poti mwana wamkazi wotsatira ndi iye. Anati ali ndi mayeso, ndipo anandipempha kuti ndijambule kavidiyo ndimutumizire. Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira ndi pakamwa pati?

M'mawa wa tsiku lowolokalo ndinapita kumsolo ndekha. Ndinachotsa mbuzi, ndinatola majumbo, ndinasesa n'kugwada. Kumbuyo kwanga kunalibe woomba m'manja. Ndinatapa dzanja loyamba n'kutchula amayi aakulu ndi dzina lawo la paubwana, ufa n'kutsika bwinobwino. Ndinatapa lachiwiri n'kutchula mayi anga. Kenaka ndinatapa lachitatu, ndipo zala zinakana kutseguka. Anthu khumi ndi awiri anali pamzere kudikira, agogo anga ali patsogolo, ine ndilibe chowaitanira.

Ndinatembenuka n'kuyang'ana kunyanja. Maboti anali atayamba kale kuwoloka, injini zikumveka patali. Ndinaganiza za mayi amene anapita kukatunga madzi, amene chaka ndi chaka ankauzidwa kuti kwawo kudakali anthu. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali mpweya wokha. Anthu kwawo tidakalipo, koma palibe amene akudziwa dzina lake. Ndinagwada choncho mpaka mkono unachita dzanzi, ufa unanyowa ndi thukuta m'chikhatho, ndipo ndinabwerera nawo kunyumba uli m'manja.